Njinga ya Che Bwanali Ikutsokomola

Lolemba m'mawa

Njinga yadzuka molakwika. Ndikuiliza kuti ndizipita kuntchito, m'malo mwa kaphokoso kake kofatsa kaja ikuti phwa-phwa-phwa, agalu onse a m'Chinyonga akuyankha. Ekizozi ikutulutsa mpweya penapake posayenera.

Ndilembe bwino chomwe ndikuopa, mwina mtima ungakhale pansi. Njinga yamotoyi sindinagule. Ndi ya apongozi anga, Che Bwanali a ku Nancholi, bambo a mkazi wanga Asiyatu. Anayendetsa malole mpaka ku Beira zaka zawo zonse zamphamvu, atapuma n'kugula njingayi, ndipo anaisamala moti mpaka lero utoto wake ndi womwe inabwera nawo. Maso atachita ng'ala anaipereka kwa ine. Aliyense ankayembekezera kuti ipita kwa Sumani, mkamwini mnzanga, dalaivala wa lole, wopemphera nawo mzikiti umodzi. Koma inabwera kwa ine, Mkhristu wogwira ntchito posindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro mu Limbe, munthu amene babu ikapsa m'nyumba ndimayamba ndaganiza kaye masiku awiri.

Lamulo anaika limodzi. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ndizipita nayo ku Nancholi akaimve. Saiona, amaimva. Amakhala pakhonde atapendeketsa mutu, ine ndimailiza, iwo n'kugwedeza mutu kamodzi, basi tizikadya. Ndipo anauza mwana wawo kuti: "Tsiku lomwe idzadwale m'manja mwawo, ipita kwa Sumani."

Lamulungu lake ndi likubwerali.

Kuyenda pansi sindikuopa, miyendo ndili nayo. Koma zaka zisanu ndi ziwiri m'banjali, Che Bwanali sanandiyankhulepo ine mwini, kupatula moni. Zonse zimadzera kwa Asiyatu: "Auzeni abambo a Mariamu kuti madzi osamba m'manja ndi awo." Ine nditakhala pomwepo, mawondo athu atatsala pang'ono kugundana. Kaya ndi ulemu wa pachipongozi, kaya n'chifukwa sindinalowe Chisilamu, sindinafunsepo. Chinthu chimodzi chokha chomwe bambo amenewa anandivomerezapo ndi njingayi. Ikapita, ndatsala wopanda kanthu m'maso mwawo.

Mfundo za sabata ino:

1. Kupeza pomwe pabowoka.
2. Kutsekapo.
3. Asiyatu asadziwe, chifukwa amaimbirana ndi bambo ake m'mawa uliwonse.
4. Osapita kwa makaniko aliyense. Amakaniko akuluakulu onse a mu Limbe amawadziwa Che Bwanali, ena anaphunzira m'manja mwawo. Nkhani ingakafike ku Nancholi ine ndisanavale chisoti.

Lolemba madzulo

Ndagona chagada pafumbi kuseri kwa nyumba. Kunsi kwa njingayi n'kokongola, abale. Nati iliyonse ili pamalo pake, waya aliyense anamangidwa mwaudongo, pena ndi kachingwe komwe apongozi anapota okha. Munthu amachita manyazi kugwirapo.

Kumchira, pafupi ndi sailensa, ndapeza kadontho ka dzimbiri. Ndi pamenepa, sindikukayika. Anyamata a kabaza pa siteji andiuza kuti sopo wosakaniza ndi shuga amatseka chilichonse. Ndakanda, ndamata.

Asiyatu watuluka ndi chitini m'manja. "Abambo a Mariamu, shuga wanga akutani panja?"

Mfundo yachitatu yagwa tsiku loyamba lomwe.

Lachiwiri

Chiperoni. Phiri silikuoneka, zala zachita dzanzi. Ndikuliza njinga, phwa-phwa-phwa yemwe uja, ndipo m'kuzizira muno akumveka kwambiri kuposa dzulo. Pang'ono pokha pabwalo ponse payamba kununkhira shuga wopserera. Mariamu, mwana wathu wa zaka zinayi, watuluka kudzafunsa ngati tikuphika maswiti.

Sindinaone kuti Asiyatu ali pakhomo ndi foni kukhutu.

Zomwe zachitika, monga akundifotokozera: bambo ake asiya nkhani pakati, atchera khutu, kenako afunsa kuti ikulira kumeneko ndi njinga ya ndani. Iye, Mulungu amudalitse mkazi ameneyu, wayankha osaphethira kuti ndi ya wakabaza wina yemwe wasamukira nyumba yoyandikana nayo. Bambo ake amvetseranso. Kenako ati: "Mumuuze wakabazayo kuti njinga yake ikudwala pakhosi, osati kumchira."

Ndaima ndi chisoti m'manja. Kuchokera ku Nancholi. Kudzera pa kafoni kaja kong'ambika galasi, komwe ine ndikamayankhula ndi Asiyatu timangoti "mwati bwanji, mwati bwanji" mpaka mayunitsi kutha. Makutu otere ena amabadwa nawo ndithu.

Komabe tapulumuka, akhulupirira za wakabaza. Ndipo malangizowo ndi a wakabaza, si anga. Ine dzimbiri ndaliona ndi maso, iwo angomva pafoni.

Masana ndapita kukasiya makadi m'tauni. Ndaimika njinga panja pa ofesi ina, potuluka ndapeza nyerere zakwera tayala lakumbuyo pamzere, ndi njuchi ziwiri zikuzungulira sailensa. Mlonda wa pamenepo akuyang'ana njuchizo, akuyang'ana ine, osanena kanthu. Ulemu wake ndauyamikira.

Zomwe ndaphunzira lero:

Shuga amasungunuka.
Sopo amathawa.
Anyamata a pa siteji amanena za thanki ya mafuta, osati ekizozi. Akuti ndinafunsa molakwika.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru. Kuntchito kwathu tili ndi timalata topyapyala ta aluminiyamu tomwe makina amasindikizira, timati mapuleti. Tikathana nawo amangounjikana kuseri, amayi ena amadzapempha kukakhomera makola a nkhuku. Sapsa, sachita dzimbiri, amapindika ndi manja.

Ndatenga imodzi mofulumira abwana asanafike. Ndakulunga kumchira konse, ndamanga ndi waya malo anayi, ndapotokola ndi pulayasi mpaka zala kutupa. Ndabwerera m'mbuyo kuti ndione. Kunena zoona yawala bwino.

Phokoso silinasinthe. Langowonjezera kena, kakuti ngwe-ngwe-ngwe, puleti ikugunda sailensa.

Ndikudutsa pa depoti ya Limbe, woitanira minibasi wina wasiya ntchito yake n'kunditsatira ndi maso. "Pepani bwana, mwambo uli kuti?" Anzake aseka mpaka kugwira mawondo. Ndaima patsogolo kuti ndione chavuta. Puleti ija ndi ya pulogalamu ya maliro a sabata yatha. Pambali pa njinga ya apongozi anga, m'zilembo zazikulu, palembedwa kuti USANI MUMTENDERE, ndipo m'munsi mwake mukuoneka theka la nkhope ya malemu, diso limodzi ndi tayi.

Nthawi yochotsa panalibe. Ndinali ndi makadi a ukwati oti ndikasiye ku Mpingwe isanakwane teni. Mayi a mkwatibwi atuluka pageti akumwetulira, awerenga ekizozi, kumwetulira kwatha. Makadi alandira ndi nsonga za zala. Ati ayamba awapempherera kaye asanagawe.

Uthenga wa lero wochokera ku Nancholi, Asiyatu akuunena akusita yunifolomu ya Mariamu osandiyang'ana: "Ababa akufunsa ngati wakabaza uja wachira. Ndati ayi. Akuti m'mawa injini isanatenthe, ailize n'kuika chikhatho kutsogolo, pomwe paipi imalowa mu injini. Asagwire, angoyandikitsa. Njinga imuuza yokha."

Ndati ndamva, ndikamuuza wakabazayo ndikakumana naye. Asiyatu wati ndimupatsenso moni.

Lachinayi m'mawa

Chabwino. Ndayesa, kungofuna kutsimikiza kuti si pamenepo.

Ndaliza njinga ili yozizira, ndagwada, ndayandikitsa chikhatho pakhosi paja. Kamphepo kakundimenya pakati pa dzanja, phu-phu-phu, molingana ndendende ndi phokoso lija. Ndasuzumira. Pali kamzere ka mwaye wakuda kotsika kuchokera pomwe paipi yakumana ndi injini, poyera, pamalo pomwe ndakhala ndikudutsapo ndi maso masiku atatu popita kumchira.

Ndakhala pansi pafumbi pomwepo. Bambo osaona, ali kutsidya la mzinda, aloza malo ochepa kuposa chala changa chachikulu. Ine wamaso awiri, mphuno ili pa njinga pomwepo, ndimadyetsa nyerere. Safunsa anadya phula, ine ndadya ndi sopo yemwe.

Puleti ya malemu ndachotsa. Ndawapepesa.

Lachinayi masana

Pamalo pamenepo, akutero anyamata a pa siteji, pamakhala kamkombero ka kopa kotchedwa gasiketi, kamatha n'kukalamba. Kogula ndapita kutali, kumsika wa m'tauni, kuthawa maso a mu Limbe.

Wogulitsa ndi mayi wina wachikulire wovala juzi yaubweya, wakhala pakati pa milu ya zitsulo akudya chimanga chootcha. Sindinatsegule pakamwa. Wamva njinga ndikuimika, wapisa dzanja m'chitini cha majarini chodzaza timikombero, osayang'anamo, watulutsa kamodzi. Ndayerekeza ndi kukamwa kwa paipi. Ndendende. Mzinda uno wadzaza anthu odziwa zinthu, ine ndimangowadutsa ndi makadi.

"Yakale mukachotse kaye," watero ndikunyamuka.

Lachinayi madzulo

Ndamasula manati awiri, paipi yasolokoka. Ndasuzumira m'bowo la injini ndi tochi ya foni. Mwakuda bii, mosalala, mulibe kamkombero kalikonse. Ndiye kuti yakale inapsa n'kugwa panjira, n'chifukwa chake mpweya umatuluka. Zikumveka. Ndaika yatsopano, ndabwezera paipi, ndamanga.

Ndaliza.

Phwa-phwa-phwa, ndipo tsopano pamwamba pake pali kamluzu.

Mariamu akuvina. Akuti njinga ya adadi yaphunzira kuimba.

Lachisanu

Ndaganiza bwino: gasiketi imodzi yachepa, mpata ndi waukulu. Ndabwerera kwa mayi aja kukagula ina. Andiyang'ana nthawi yaitali, chimanga chili m'manja.

"Yadzulo ija mwadya?"

Ndati ndi ya mnzanga wakabaza. Bodza la Asiyatu layamba kundikwana ngati malaya anga.

Ndaweruka msanga. Ndamasula, ndasanjikiza yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Paipi tsopano ikukana kulowa bwino, ndiye ndagwira nati ya kumanja n'kuimanga mpaka mapeto, ndi mphamvu zonse, phazi nditaponda pa tayala. Pofika ku nati ya kumanzere, kachitsulo kopanikiza paipi kapendekeka, nati sikugwira. Ndakankha, ndatukwana pang'ono, ndakankhanso. Nati yadumpha, yagubuduka pabwalo ndikuiona, yalowa m'ngalande ya madzi a kubafa. Ndapisamo mkono mpaka m'chigongono. Ndatulutsa supuni yomwe inasowa chaka chatha.

Ndili chigwadire choncho, pageti paima lole. Sumani, mkamwini mnzanga uja, akuchokera ku mapemphero, mkanjo woyera waya-waya, kununkhira bwino. M'manja mwake muli chisoti chatsopano, chofiira, pepala la mtengo likadali pomwepo.

"Ndimangodutsa, achimwene. Ndamva kuti kuno kwasamukira wakabaza wovutika."

Ndati ali kuntchito. Sumani wayang'ana paipi ikulendewera, wayang'ana mkono wanga wonyowa, wati chisoticho anangochipeza chotchipa, munthu sudziwa za mawa. Kenako wavula wotchi n'kunena kuti ndimupatse sipanala, mphindi khumi zokha atha. Ndipo ndikudziwa kuti akanathadi. Munthu ameneyu anasinthapo kilatchi ya lole m'mbali mwa msewu mvula ikugwa, amanena ndi anthu ena, osati iye. Ndikanamuda bwino akanakhala wopanda luso.

Ndakana. Njinga ikakonzedwa ndi Sumani ndiye kuti yapita kale kwa Sumani.

Atachoka, Asiyatu wabwera ndi uthenga womwe anaulandira m'mawa, ine nditanyamuka kale. "Ababa akuti wakabazayo akamamanga, manati awiriwo ali ngati mitala. Uku pang'ono, uku pang'ono. Akakondera mmodzi, winayo amachoka."

Ndati uthengawo wachedwa ndi ola limodzi, winayo wachoka kale.

Loweruka

Nati ina ndaipeza. Ndisanene kuti ndaipeza kuti.

Chabwino, buku ndi langa. Ndamasula pa mwendo wa bedi lathu. Kukula n'chimodzimodzi. Yalowa kawiri n'kuima, ndaikakamiza kachitatu, yalira, ndaisiya. Bedi ndaliikira njerwa.

Ndaliza njinga. Sindingathe kulemba phokoso lake. Nkhuku za aneba zathawira m'chimbudzi, ndipo agogo a nyumba yakumtunda atuma uthenga wofunsa ngati chigayo chatsopanochi chizigayanso Lamulungu.

Masana onse ndatsuka njinga. Sopo, nsanza, mswachi wakale pakati pa masipoko, polishi wa nsapato pa chishalo. Ikuwala ngati ya m'sitolo. Ndili pakati pa kupukuta galasi m'pamene ndakumbukira kuti ndikukonzekera mayeso a munthu wosaona.

Zifukwa zomwe ndingapereke mawa:

1. Mafuta asowa, mizere ndi yaitali. (Thanki ndi yodzaza, ndipo angagogode n'kumva.)
2. Mvula. (Kulibe.)
3. Mariamu watentha thupi. (Akudumpha chingwe pabwalo.)
4. Kutchalitchi andipatsa ntchito yowerenga mawu. (Asiyatu akuti bodza limodzi ananena kale m'malo mwanga, lachiwiri ndikanene ndekha, ndipo lisakhale lokhudza Mulungu.)

Ndamufunsa ngati lero kwabwera uthenga. Wati wabwera waufupi. "Akuti ngati wakabazayo ali ndi masipanala, mubwereke onse, mubwere nawo mawa."

Ndafunsa kuti akufuna atani nawo. Asiyatu wangondisisita paphewa n'kulowa m'nyumba. Mkazi ameneyu sanandisekepo sabata yonseyi, ngakhale pa nkhani ya njerwa, ndipo ndikuona kuti zikumutengera mphamvu zambiri.

Mtima wanga ukuwawa. Ndakhala pa chishalo njinga ili yozima mpaka dzuwa kulowa, ndikungogwira mahandulo.

Lamulungu

Asiyatu ndi Mariamu atsogola pa minibasi. Ine m'mbuyo, masipanala m'jumbo, mzinda wonse ukutembenuka kundiyang'ana kuyambira Chinyonga mpaka Nancholi. Nditatsala pang'ono kufika ndazimitsa injini pa mjigo, n'kukankha njinga mwakachetechete mpaka pabwalo.

Che Bwanali ali pakhonde, kofia kumutu, manja pa ndodo. Sumani ali pambali, chisoti chofiira pamiyendo. Ndagwada, ndapereka moni, ayankha. Kenako atembenukira kwa mwana wawo.

"Afunseni abambo a Mariamu chifukwa chomwe azimitsira pa mjigo. Ndinayamba kuwamva ali kumsika."

Palibe waseka. Ndikanakonda akanaseka.

Aitanitsa mkeka. Atsika masitepe okha, agwada pambali pa njinga, bambo a zaka zimenezo, mkanjo ataupinda m'mawondo. Adikira injini izizire, akuiyesa ndi kuseri kwa dzanja. Kenako zala zayamba kuyenda. Sindinaonepo zala zotero. Sizifufuza, zimangofika, ngati munthu wolowa m'nyumba mwake. Zafika pa nati ya kumanzere, zaima, zaizungulira kawiri.

"Iyi si ya njinga."

Asiyatu wayang'ana kumwamba. Ine ndayang'ana pansi.

Atambasula dzanja, ndaikamo sipanala, aibweza, ndaikamo ina, alandira. Paipi yatuluka. M'thumba atulutsa sipoko yakale yopindidwa kunsonga, ailowetsa m'bowo muja, mutu atatembenuzira kumbali ngati akumvetsera wailesi. Yatuluka gasiketi yoyamba, aika pamkeka. Yachiwiri, aika pamkeka. Akanda pang'ono, akoka, ndipo kwatuluka yachitatu, yakuda, yophwatalala, yomwe inamatirira mkatimo n'kudzibisa m'mwaye, ija ndinalumbira kuti inagwa panjira. Aziyala zitatu pamzere, azisisita ndi chala.

"Wakabazayu ndi wowolowa manja," atero.

Sumani watsokomola n'kupita kukaona lole yake, yomwe sinali ndi vuto lililonse.

M'thumba lomwelo atulutsa kapepala kokulunga, mkati muli gasiketi yatsopano ndi nati yake yeniyeni. Asiyatu wandinong'oneza kuti anatuma munthu kukagula Lachiwiri masana. Lachiwiri, ine ndikuthamangitsana ndi njuchi. Kachitsulo kopendekeka kaja akaongola pamwala ndi kumenya katatu. Apukuta m'bowo, alowetsa, amanga uku pang'ono, uku pang'ono, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Kenako akhala pa zidendene n'kukweza chibwano.

Ndaliza.

Kaphokoso kake kaja, kofatsa, kosalala. Mariamu wakhumudwa, akuti yasiya kuimba.

Ine ndaima ndi makiyi, ndikudikira chigamulo. Ndinali nditakonzeka kuwapereka kwa Sumani ndi manja awiri, ndinayeserera kale m'mutu kuti nkhope ndiisunge bwanji. Che Bwanali apukuta zala chimodzichimodzi, osafulumira.

"Auzeni abambo a Mariamu kuti njinga sinadwale m'manja mwawo. Gasiketi imakalamba ngati munthu. Amene anaizunza ndi wakabaza. Masipanala ake atsala kuno, ndipo asadzagulenso ena."

Asiyatu wandiuza zonsezo mawu ndi mawu, nkhope ili gwa, ngati sindinali pomwepo. Ndayankha kuti uthenga ndikafikitsa.

Ndimayesa zatha. Koma aimirira, aitana Sumani, amupempha chisoti chofiira, achivala pamwamba pa kofia. Akuti ntchito saivomereza ili poima. Chindipatsireni njingayi sanakwerepo. Apapasa chishalo, akwera kumbuyo kwanga, manja awo agwira mapewa anga.

Tatuluka pageti, tatsika kumsewu, tadutsa mjigo. Asiyatu watsala pakhonde. M'pamene ndazindikira kuti pa njinga palibe malo a munthu wachitatu wopereka uthenga. Tayenda, ine ndikuyendetsa ngati ndanyamula mazira. Tafika pa chitunda chachitali chobwerera kunyumba, injini yayamba kulemedwa, ndipo pafupi ndi khutu langa ndamva:

"Sinthani giya, mwanangu. Mukuipha."

Kwa ine. Phazi langa lasokonezeka, m'malo motsitsa ndakweza, njinga yagwedezeka kawiri n'kuzima pakati pa chitunda.

Basi, ndavomera. Makaniko sindidzakhala, ndipo zikuoneka kuti ngakhale udalaivala wanga ndi wongoganiziridwa. Pamalo potsetsereka chotero sindikanatha kuiliza ndi munthu kumbuyo, ndipo iwo sanaonetse maganizo otsika. Ndatsika ine. Ndawakankha ali pa chishalo, chisoti chofiira chili ngwi, anthu a m'mbali mwa msewu akutiyang'ana. Njira yonse akhala akundiuza zomwe ndimalakwitsa, momwe ndimasiyira kilatchi, momwe ndimamangira buleki mochedwa, momwe ndimailizira m'mawa isanadzuke bwino, chimodzichimodzi, osadzera kwa munthu. Thukuta linali kuyenderera mpaka m'nsapato, msana ukuwawa, koma ndimakankha pang'onopang'ono kuti chitundacho chisathe msanga.